Kuzizira kusatitsekere mnyumba, mbalame zilipo

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga pa tsamba lanu la makalata nditulutse zimene zandikhala pamtima chiyambire kuzizira kuno. Ine ndi membala wa kalabu ina ya anthu okonda kuonera mbalame, kagulu kakang'ono chabe, timakumana Loweruka mmamawa kamodzi pa sabata ziwiri nkupita kudambo, kudamu kapena kunkhalango kukaona mbalame ndi kuziwerenga. Ndiye chaka chilichonse ikangofika Juni zimachitika nzomwezomwezo, gulupu yathu ya WhatsApp imene nthawi yadzinja foni imalira mpaka pakati pausiku ndi zithunzi imangoti ziii, ukafunsa kuti anthuni Loweruka lino tipita kapena ayi, wina amati kukuzizira, wina amati mbalame zinapita kale tidzayambe mu Okotobala. Ulendo wathu wapitawu analembetsa anthu ambiri ndithu koma pamalo okumanirana tinapezeka asanu okha. Pamsonkhano wina mpaka anapereka ganizo loti maulendo a Juni ndi Julayi tizingowaimitsa kaye. Ine ndinakana pamsonkhanopo ndipo ndikukananso pano, chifukwa ndikudziwa kuti si kalabu yathu yokha imene ili ndi maganizo amenewa, komanso alipo owerenga anu amene amafuna kuyamba kuonera mbalame koma anauzidwa kuti adikire mvula.

Sindikutsutsa kuti mbalame zina zinapitadi. Anamzeze aja amadzaza pa mawaya amagetsi mu Disembala ananyamuka cha mu Malichi ndi Epulo, pano ali ku Ulaya ndi ku Asia akuswa. Tiakabawi tija totchedwa Amur falcon timene timaswera kummawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China nkudzadutsa pamwamba pa nyanja yaikulu ya India kubwera kuno kummwera kwa Africa, tinabwereranso kwawo. Paja mlendo ndi mame. Nyimbo zammawa zachepa, ndipo timbalame tammabango tija tofiira psuu ndi pamimba pakuda tavula zovala zaukwati tangokhala totuwa ngati mpheta wamba, zamichira itaitali zija michira inathothoka. Zonsezi nzoona. Koma kunena kuti ndiye kunja kulibe choona, ameneyo sanadzukepo mmawa wa Julayi nkukaima mmbali mwa madzi.

Ndikuuzeni zimene asanufe tinaona tsiku limene anzathu anatsala mmabulangete. Tinafika kudamu nkhungu ili mbuu pamwamba pa madzi, zala zitachita dzanzi moti kugwira pensulo kunali kovuta, ndipo mphindi makumi awiri zoyambirira sitinaone kanthu kupatula kumva njiwa. Mtsikana wina amene unali ulendo wake woyamba anayamba kuyang'ana wotchi. Bambo wina wachikulire amene ndi amene amatitsogolera, munthu amene wakhala akuwerenga mbalame pa damu limeneli ife tisanadziwe nkomwe kuti kuli zinthu ngati zimenezi, anangomuuza motsitsa mawu kuti mwanawe kuona maso a nkhono nkudekha, dikira dzuwa ligunde mitengo iyo. Ndiye dzuwa litangogunda nsonga za mitengo ija basi tchire lonse linadzuka nthawi imodzi. Apumbwa anakwera pamwamba penipeni kukaothera, atafufumitsa nthenga ngati timipira, osasuntha, moti mtsikana uja anawaona bwinobwino mpaka kachikasu kakunsi kwa mchira. Nkhungu itayamba kung'ambika tinaona kuti pachilumba chamatope chimene nthawi yamvula chimamira panali podzaza, abakha amtchire, atsekwe, akakowa, chimeza wamkulu ataima phee ngati chitsa, nantchengwa akupondaponda matope ndi phazi kuti avumbulutse tachule ndi tansomba. Kenako nkhwazi ziwiri zinalira zitaponya mitu kumbuyo, mawu aja akuyenda pamwamba pa madzi ozizira, ine mpaka lero ndikamva kulira kumeneko tsitsi limachita nyaunyau.

Chimene anthu sadziwa nchakuti kuzizira ndi kuuma kumatisonkhanitsira mbalame malo amodzi. Nthawi yamvula madzi ali paliponse, chithaphwi chilichonse chili ndi bakha wakewake, udzu ndi wautali kuposa munthu, masamba ali thithithi, mbalame umangoimva osaiona. Pano zithaphwi zikuuma ndiye zonse zikuthamangira pamadzi otsala, udzu wagwa, mitengo yambiri ikuyoyola masamba, maso amafika patali. Kwa munthu amene akuyamba kumene palibe nyengo yabwino kuposa ino, ndipo ndikunena izi ndi mtima wonse. Mitundu ndi yochepa ndiye mutu suzungulira, umayamba wadziwa eni mudzi, zimene zimakhala nafe chaka chonse, kuti alendo akamadzafika mu Okotobala uzidzazindikira msanga kuti uyu ndi wachilendo. Onjezani kuti kulibe matope oterera, udzudzu ndi wochepa, ndipo sipafunika kudzuka folo koloko ngati nthawi yotentha chifukwa mbalame nazonso zimadikira dzuwa.

Komanso si zoona kuti nyengo ino ilibe alendo ake. Pali mbalame zimene zimaswera mnkhalango zapamwamba pa mapiri, kukazizira zimatsikira kuzigwa, monga kaphwiti kena kachikasu pamimba, mutu wotuwa mobiriwira, kokhala ndi kadontho koyera pakhosi kamene mmabuku amakatcha white-starred robin. Munthu amene sungakwanitse kukwera phiri, Julayi ndi amene amakubweretsera kambalame kameneka pafupi. Ndiye palinso kachimeza kena kakang'ono kochokera ku Madagascar, Malagasy pond heron, kamene kamaswera kuchilumbako nthawi yamvula nkuolokera kumtunda kuno kummawa ndi pakati pa Africa kuyambira cha mu Meyi mpaka Okotobala, ndipo kali pa mndandanda wa mbalame zimene zili pangozi yoti zitha. Kakavula nthenga zoyera zoswera kamafanana kwambiri ndi kachimeza kena kofala, ndiye mdala wathu uja salola kuti tidutse kachimeza kotuwa kalikonse osakayang'anitsitsa mizere yapakhosi ndi kukula kwa mulomo. Amati tsiku limene mudzanene kuti aaa ndi kaja komweka, ndi tsiku limene kadzakhale kenako. Mbalame imeneyi ukadikira mvula sudzaiona, nthawi yake ndi ino imene anzanga akufuna kuti titseke kalabu.

Chimene ine chimandikoma kwambiri ndi mmene mbalame zamnkhalango zimayendera nyengo ino. Ungayende theka la ola mnkhalango muli chete ngati mulibe chamoyo, kenaka mwadzidzidzi wapezeka uli pakati pa chigulu cha mitundu khumi kapena kuposa zikuyendera limodzi, agogomole akugogoda pathunthu, atimba akufufuza mmasamba, zina zikutsika mtengo chazondoka, nthengu ali panthambi yapoyera ngati kapitawo. Zimachita dala, chakudya chikachepa zimaphatikizana kuti maso achuluke oonera kabawi komanso ina ikavumbulutsa kachilombo inzake imawakha. Nthengu ndi mlonda wabwino koma ndi kamberembere, nthawi zina amalira kulira kochenjeza pamene kulibe mdani aliyense kuti mnzake ataye chimene wagwira iye atole, ndipo akatswiri anazifufuza zimenezi ku chipululu cha Kalahari nkupeza kuti amatha kutsanzira ngakhale machenjezo a mitundu ina. Chigulucho chimadutsa mwina mphindi zisanu basi chapita. Apa mpamene umaona ubwino woyenda pagulu, chifukwa uli wekha ungaone ziwiri kapena zitatu, koma muli asanu wina ayang'ana mmwamba wina pansi wina akulemba, mukamadzaphatikiza mndandanda umatalika mpaka kudabwa.

Pena ndimaima nkumaganiza za mmene kanthu kakang'ono chonchija kamapulumukira usiku umene ife tafunda mabulangete awiri. Thupi la mbalame ndi lotentha kuposa lathu, limakhala cha mma digiri 40 mpaka 42, ndiye kuti lisazizire pamafunika mafuta, kambalame kakang'ono usiku umodzi wozizira kwambiri kakhoza kutaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, mmawa kayenera kubwezeretsa zonsezo apo ayi usiku wotsatira sikauona. Kufufumitsa nthenga kuja ndi kutsekera mpweya wofunda mkati, kuima ndi mwendo umodzi ndi kubisa winawo mnthenga, ndipo mmiyendo mwake mitsempha yotsitsa magazi ofunda inagundana ndi yokweza magazi ozizira ndiye kutentha kumabwerera mthupi kusanafike kuphazi, nchifukwa chake bakha amaima mmadzi ozizira osadandaula. Zina zimagona zitaunjikana pamodzi. Ku Ulaya kuli kambalame kotchedwa goldcrest kolemera magalamu 5 kapena 6 okha koma kamapirira usiku wachipale chofewa wa maola oposa khumi ndi asanu. Munthu ukadziwa zimenezi sungathamangitsenso mbalame imene ikuothera dzuwa mmawa pongofuna chithunzi chabwino, chifukwa kuuluka kulikonse kopanda pake ndi mafuta amene inasungira usiku.

Tsopano ndifike pachenicheni chimene ndalembera kalatayi. Ulendo wa kalabu si kukasangalatsa maso kokha, timakawerenga, ndipo chiwerengero chimakhala ndi ntchito pokhapokha ngati chikuchitika malo omwewo, njira yomweyo, nyengo zonse, chaka ndi chaka. Mukadumpha miyezi iwiri chaka chilichonse ndiye kuti buku lanu lili ndi dzenje malo omwewo mpaka kalekale, ndipo tsiku lina wina akadzafuna kukhetsa dambo lanulo kapena kuthiramo zinyalala, mukadzafunsidwa kuti kodi nthawi yachilimwe pamakhala mbalame zanji, mudzangoyang'anana.

Anthu ambiri sadziwa kuti kalembera wa mbalame wakale kwambiri amene akuchitikabe mpaka lero ndi wa nyengo yozizira. Ku America kale kunali chizolowezi choti pa Khirisimasi, kumene kwawoko ndi pakati pa chisanu, anthu ankagawana magulu awiri nkupita kutchire ndi mfuti, gulu limene labwera ndi mulu waukulu wa mbalame ndi tinyama takufa ndiye lawina. Katswiri wina wa mbalame dzina lake Frank Chapman anati bwanji mmalo mozipha tiziziwerenga. Pa 25 Disembala 1900 anthu 27 anatuluka mmalo 25 nkuwerenga mitundu pafupifupi 90. Anthu 27 okha akonzi. Lero ntchito imeneyi, imene amaitcha Christmas Bird Count, imayendetsedwa ndi bungwe loteteza mbalame la Audubon, imachitika kuyambira pa 14 Disembala mpaka pa 5 Januwale, gulu lililonse lili ndi dera lake lozungulira la makilomita 24 kuchoka mbali ina kufika ina, ndipo anthu masauzande ambirimbiri amayenda mchipale chofewa chofika mmaondo kuwerenga mbalame. Ku Britain bungwe loteteza mbalame la RSPB linayambitsa Big Garden Birdwatch mu 1979, kumapeto kwa Januwale munthu amakhala ola limodzi kuwerenga mbalame za pakhomo pake basi. Ndiye mu 2019 akatswiri atatulutsa mmagazini ya Science kafukufuku woonetsa kuti kumpoto kwa America kwachepa mbalame pafupifupi 3 biliyoni chiyambire 1970, manambala ambiri amene anagwiritsa ntchito anachokera mmabuku a anthu wamba ongodzipereka ngati ife, kuphatikizapo a kalembera wa pa Khirisimasi uja. Palibe amene akanaziona ndi maso zimenezi, chifukwa mbalame zimatha pang'onopang'ono, chaka chino zachepa ziwiri chaka chamawa zitatu, umangodzazindikira papita zaka makumi awiri kuti kulira kwina sukukumvanso. Ngati anzathuwo akutuluka kunja madzi ataundana kukhala mwala, ife kazizira ka Juni koti juzi imodzi ndi chipewa zimakwana katiletse bwanji?

Za mbalame zammadzi ndiye nkhani yake ndi yaikulu kuposa pamenepa. Kuyambira mu 1967 pamakhala kalembera wapadziko lonse wa mbalame zammadzi mu Januwale, amene pano amayang'aniridwa ndi bungwe loteteza madambo la Wetlands International, ndipo mmaiko ambiri a mu Africa amawerenganso kachiwiri mu Julayi, dala, kuti adziwe zimene zimatsala alendo akapita ndi kumene zimathawira madzi akaphwa. Manambala amenewa ali ndi mano. Pangano la Ramsar loteteza madambo, limene linasainidwa mu 1971 mumzinda wa Ramsar ku Iran, limati dambo likhoza kuwerengedwa kuti ndi lofunika padziko lonse ngati nthawi ndi nthawi pamapezeka mbalame zammadzi 20,000 kapena kuposa, kapenanso ngati pamakhala 1 peresenti ya mbalame zonse za mtundu umodzi. Nanga adziwa bwanji kuti zafika 20,000 popanda munthu woima mmbali mwa madzi ndi kope, akuwerenga khumi khumi, zala zikunjenjemera? Palibe setilaiti imene imasiyanitsa tsekwe ndi bakha. Ndipo ngakhale tsiku limene mwapita osapeza kanthu, ziro ameneyo mumulembe, mdala wathu amati ziro naye ndi nambala, kusapita ndiye kopanda nambala.

Mtsikana uja tsiku lomwelo anafunsa funso labwino, anati nanga mukudziwa bwanji kuti anamzeze ali ku Ulaya, munawatsatira? Tinamufotokozera tikuyenda. Kale azungu ankakhulupirira kuti anamzeze kukazizira amakabisala mmatope pansi pa maiwe mpaka kufunde. Mu 1822 kufupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany kunapezeka dokowe ali ndi mkondo wa ku Africa utamubaya pakhosi, anauluka nawo ulendo wonsewo, ndipo mpaka pano amasungidwa ku yunivesite ya Rostock. Kenaka mu 1899 mphunzitsi wina wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete tachitsulo tokhala ndi nambala kumwendo, ndipo namzeze wina amene anavekedwa kamphete ku Staffordshire ku England mu 1911 anakapezeka ku Natal ku South Africa mu Disembala 1912. Masiku ano amaziveka timakina totumiza uthenga, moti mu 2022 kambalame kammatope kotchedwa bar-tailed godwit, kamiyezi isanu yokha, kanauluka kuchoka ku Alaska mpaka ku Tasmania makilomita 13,560 masiku 11 osatera pena paliponse. Mtsikanayo anangoti kukamwa yasaa. Ndiye chosangalatsa nchakuti ana ena a mbalame zoyenda maulendo atalizi chaka choyamba sabwerera kumpoto, amatsala konkuno chifukwa sanafike poswa, moti mu Julayi ukayang'anitsitsa mmatope ukhoza kupeza kamodzi kamiyendo itaitali kali kokhakokha. Kukapeza kameneko nyengo ino kumakoma kuposa kuona makumi asanu mu Januwale.

Koma ndisangodzudzula otsala mmabulangete, nafenso amakalabu tili ndi zathu zofunika kukonza, ndipo izi ndizinena mosabisa. Pali kamtima kena koti munthu watsopano akabwera opanda mabainokula, opanda kamera ija yamphuno yaitali, atavala jekete yofiira, ena amamuyang'ana ngati walowa malo olakwika. Amamuponyera maina achingerezi motsatizana, iye akati ife timaitcha lumbe imeneyo palibe womumvera. Nkulakwa kumeneko. Mnyamata amene amadziwa mbalame kuposa tonse mu kalabu yathu anabwera koyamba legeni ili mthumba, amadziwa kuti nkhwali zimagona pati, zinziri zimavumbuluka bwanji, amasiyanitsa kulira kwa njiwa zamitundu itatu ali chotseka maso. Pakanakhala womukalipira tsiku limenelo bwenzi pano akuponyabe miyala. Mmalo mwake mdala uja anamubwereka mabainokula ake nkumuuza kuti taona diso la pumbwayo, mwanayo anakhala duu mphindi zingapo osawachotsa kumaso. Legeni ija sitinaionenso ndipo palibe anamuuza kuti aitaye. Ine ndimaona kuti ndi nkhani ya Chapman yomwe ija, maso a mlenje ndi maso a wowerenga mbalame ndi amodzi, chimasintha ndi chimene wanyamula mmanja. Ndipo maina athu a mbalame tiziwalemba pambali pa a mmabuku, akuluakulu amene amawadziwa akutha, ena mwa maina amenewa amafotokoza kulira kapena khalidwe la mbalameyo bwino kuposa a mbuku.

Kwa amene akufuna kuyesa, musadikire kuti mugule kaye zida. Bwerani ndi maso, makutu, kope ndi pensulo, bolopeni imakonda kukana kukazizira. Valani zingapo zopyapyala zosanjikiza mmalo mwa chijasi chimodzi chifukwa ikamakwana naini mudzafuna kuvula, mitundu yake ikhale yosawala, nsapato zotseka poti mame ammawa amanyowetsa. Mabainokula mudzabwerekana, ndipo mukadzafuna anu, aja olembedwa 8x42 ndi amene ambiri amayambira, 8 akutanthauza kuti chinthu chikuyandikira kasanu ndi katatu, 42 ndi mamilimita a kukula kwa galasi lakutsogolo limene limalowetsa kuwala, nchifukwa chake amathandiza mmawa kusanayere bwino. Mukaona mbalame osaloza ndi mkono mothamanga kapena kukuwa, nenani motsitsa kuti mtengo wouma uwo, nthambi yakumanja, cha pa thili koloko mukautenga mtengowo ngati nkhope ya wotchi, anzanu aipeza.

Za mafoni ndinenepo pang'ono. Merlin, pulogalamu ya mufoni yothandiza kuzindikira mbalame, ndi eBird, yolembamo mbalame zimene mwaona, zonse za bungwe lofufuza za mbalame la Cornell Lab of Ornithology, nzothandiza kwambiri, eBird inayamba mu 2002 ndipo mndandanda umene mwalemba kudambo kwanu umakalowa mu nkhokwe imodzi ndi ya anthu a dziko lonse. Koma foni imalakwitsa, makamaka nyengo ino pamene timbalame tambiri tavala zotuwa zofanana, ndiye musalembe chinthu chifukwa foni yanena, lembani chimene mwaona ndipo ngati simukutsimikiza funsani mnzanu kapena chisiyeni. Safunsa anadya phula. Chimene ndimadana nacho kwambiri ndi kuliza nyimbo ya mbalame pa sipika kuti ibwere pafupi, kambalame kamasiya kudya nkumalimbana ndi mdani woti kulibe, mmawa wozizira umene kakufunika kudya kuposa nthawi ina iliyonse. Komanso tikumbuke kuti miyezi ino ndi imene mbalame zikuluzikulu zodya nyama zimaswa kuno kummwera, nkhwazi, ziombankhanga zina, miimba. Mukaona chisa chachikulu pamwamba pa mtengo imani patali, kholo likathawa dzira limazizira msanga ndipo akhwangwala amakhala ali tcheru. Miimba yambiri imaikira dzira limodzi lokha pachaka, ndipo mu 2015 mitundu inayi ya miimba ya mu Africa inaikidwa pa gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu, makamaka chifukwa cha poizoni amene anthu amathira pa nyama zakufa. Malo a chisa chotere osawaika pa Facebook chonde.

Kwa atsogoleri a makalabu pempho langa ndi ili, kalendala ya nyengo yozizira muziitulutsa mu Meyi, masiku onse alembedwe, paja nkhanga zinapangana kusanapse. Nthawi yokumana ikankhireni kutsogolo pang'ono, seveni koloko ndi yabwino, sankhani malo apafupi oti munthu opanda galimoto afike, ulendo ukhale waufupi maola awiri kapena atatu kuti amayi a ana ndi achikulire akwanitse. Ndipo ngakhale abwere anthu awiri ulendo usalephereke, chifukwa munthu watsopano akafika pamalo nkupeza palibe aliyense sabweranso.

Kwa inu akonzi, ndikupempha kakona kakang'ono mu nyuzipepala yanu, ngakhale mizere isanu pa sabata, koti makalabu azilengezapo maulendo awo ndi zimene aona. Masamba a mpira alipo anayi, sindikuwachitira nsanje nanenso ndimawerenga, koma alipo ana asukulu ndi aphunzitsi amene sadziwa nkomwe kuti pafupi nawo pali anthu amene amapita kukaona mbalame ndipo akhoza kuwatenga ulele. Mukatipatsa kakonako ife tizikutumizirani mndandanda ndi zithunzi mwezi uliwonse osaphonya, kuyambira ndi wa Julayi uno.

Mtsikana woyang'ana wotchi uja ndi amene anali woyamba kulembetsa ulendo wa Loweruka likubwerali, walembetsanso mng'ono wake, ndipo wafunsa ngati angagwire kope ndi iyeyo. Tikupita kudamu komwe kuja kukawerenga za mmadzi, mdala wathu akuti madzi atsikanso ndipo chilumba chamatope chija chakula.

Ine wanu,
Wowerenga wanu wokonda mbalame